Makampani ndi ntchito zothandiza ana: mafunso ndi mayankho

Masiku ano si zachilendo kuona anthu ovala matisheti ofanana akutsika m'basi pasukulu ya pulayimale, ena atanyamula zitini za penti, ena mabuku, ena mbande za mitengo. Amakhala antchito a kubanki, a kukampani ya mafoni kapena a inshuwalansi, omwe mabwana awo awapatsa tsiku loti akathandize anthu. Zimenezi zikuchitika ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Johannesburg, ku Mumbai ndi ku London komwe. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka kawirikawiri kuchokera kwa antchito ofuna kuyamba, aphunzitsi aakulu omwe alandira kalata yoti kukubwera alendo, ndi makolo omwe akufuna kudziwa chomwe mwana wawo apindule.

Kudzipereka kudzera kukampani n'kutani?

Ndi pamene kampani yalola antchito ake kusiya ntchito yawo ya masiku onse n'kukathandiza anthu ena kwa maola kapena masiku angapo, malipiro awo osadulidwa. Wantchito amapereka mphamvu ndi luso lake, kampani imapereka nthawi, ndipo kawirikawiri imalipiranso mayendedwe ndi zipangizo. M'maofesi ambiri nkhanizi amazitcha CSR, chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza udindo wa kampani pothandiza anthu.

Kachitidwe kake n'kosiyanasiyana. Kampani ya nsapato ya Timberland ku America inayamba kupatsa antchito ake maola olipidwa a ntchito zotere mu 1992, ndipo patapita zaka maolawo anafika 40 pachaka. Kampani ya mapulogalamu a makompyuta ya Salesforce imapereka masiku 7 pachaka kwa wantchito aliyense, potsatira lamulo lomwe inadziikira itangoyamba, loti 1 peresenti ya masheya ake, 1 peresenti ya zomwe imagulitsa ndi 1 peresenti ya nthawi ya antchito zizipita ku ntchito zachifundo. Palinso makampani ngati Microsoft omwe wantchito akapereka ndalama kubungwe lothandiza anthu, iwo amaonjezerapo ndalama zofanana ndi zomwe waperekazo. Ku South Africa anthu ambiri amadziwa tsiku la Mandela, pa 18 Julayi, pomwe maofesi athunthu amatuluka kukagwira ntchito yothandiza ena kwa mphindi 67, pokumbukira zaka 67 zomwe Nelson Mandela anatumikira anthu. Bungwe la United Nations linavomereza tsikuli mu 2009.

Kampani imapindulanji? Kodi si malonda obisala m'chifundo?

Imapindula ndithu, ndipo palibe chifukwa chobisira. Dzina lake limamveka bwino, antchito amanyadira malo awo a ntchito ndipo sachokachoka, achinyamata ophunzira bwino amafuna kulembedwa kumeneko. M'mayiko ena boma lenilenilo limakakamiza. Ku India, lamulo la makampani la 2013 limalamula makampani akuluakulu kugwiritsa ntchito 2 peresenti ya phindu lawo pothandiza anthu, powerengera phindu la zaka zitatu zapitazo. Ku South Africa, kampani yomwe yapereka 1 peresenti ya phindu lake ku chitukuko cha anthu osauka imapeza mapointi pa ndondomeko ya boma yotukula anthu akuda pa chuma yotchedwa B-BBEE, ndipo mapointiwo amaithandiza popikisana pa makontirakiti.

Ine sindiona vuto kuti kampani ipindule, bola mwana apindule koposa. Pomwe pamapweteka ndi pamene ndalama zolipira atolankhani, matenti, zokuzira mawu ndi chakudya cha alendo olemekezeka zaposa mtengo wa mphatso yomwe yaperekedwa. Cheke chachikulu chojambulitsa chija chimaoneka bwino munyuzi, koma funso lofunika kufunsa ndi lakuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi, pasukulupo patsala chiyani chomwe ana akugwiritsa ntchito.

Nanga thandizo lomwe limasinthadi zinthu ndi lotani?

Ndi lomwe kampani yabweretsa chinthu chimene imachidziwa bwino kuposa anthu ena onse, ndipo chinthucho chikusowadi kumaloko.

Chitsanzo chomveka bwino ndi cha DHL, kampani yonyamula katundu. Pakachitika ngozi yaikulu, mayiko amatumiza ndege zodzaza ndi katundu, ndipo bwalo la ndege laling'ono limadzaza m'masiku awiri okha. Matenti, mankhwala, madzi ndi zofunda zimangounjikana panja, wosankhula palibe, ndege zina n'kumalephera kutera pomwe anthu akufa ndi ludzu makilomita ochepa kuchoka pamenepo. Zoterezi zinaoneka ku Bam m'dziko la Iran kutachitika chivomezi mu 2003. Kuyambira 2005, DHL inagwirizana ndi nthambi ya United Nations yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo ili ndi magulu a antchito ake ongodzipereka, ophunzitsidwiratu, omwe amathamangira kubwalo la ndege kukatsitsa katundu, kumusankhula ndi kumulongedza m'malole. Namondwe wa Idai atasakaza mu Malichi 2019, gulu lotere linakagwira ntchito pabwalo la ndege la ku Beira. Anthuwa sanapite kukagawa maswiti kwa ana. Anapita kukachita zomwe amachita tsiku lililonse kuntchito kwawo, ndipo n'zimene zinkafunika.

Kampani ya zipangizo za mafoni ya Ericsson nayo ili ndi gulu la amisiri ongodzipereka kuyambira 2000, omwe amakabwezeretsa mafoni ndi intaneti kumalo a ngozi kuti othandiza anthu azitha kulumikizana. Makampani a mankhwala a Pfizer mu 2003 ndi GSK mu 2009 anayamba kubwereketsa akatswiri awo kumabungwe a zaumoyo kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo kampani ya makompyuta ya IBM inayamba mu 2008 kutumiza magulu a akatswiri kukagwira ntchito mwezi wathunthu ndi maboma ndi mabungwe m'mayiko osiyanasiyana. Mgwirizano wa GSK ndi Save the Children, womwe unayamba mu 2013, unabala chinthu chaching'ono koma chopulumutsa miyoyo: mankhwala a chlorhexidine, omwe kampaniyo inkagwiritsa ntchito m'mankhwala otsukira m'kamwa, anawakonza kukhala opaka pamchombo wa khanda kuti pasalowe matenda, ndipo anawakonza moti sawonongeka ndi kutentha.

Simufunika kukhala kampani ya dziko lonse kuti muchite zofanana. Wowerengera ndalama wa kubanki atakhala masana atatu ndi komiti ya sukulu ya mkombaphala, n'kuwaonetsa kalembedwe ka buku la ndalama ndi kasungidwe ka malisiti, komitiyo ikhoza kupeza thandizo kumabungwe omwe kale ankaikana chifukwa chosowa mabuku. Mmisiri wa magetsi akhoza kukonza sola ya filiji ya katemera pachipatala chaching'ono. Makaniko akhoza kudzutsa ambulansi yomwe yakhala pamiyala chifukwa cha kachitsulo kamodzi. Loya akhoza kuthandiza ana amasiye omwe abale a bambo awo awalanda nyumba. Ntchito zimenezi sizioneka bwino pachithunzi, n'chifukwa chake makampani ambiri amazizemba, koma ndi zomwe zimakhalitsa.

Ndiye kupenta sukulu kapena kubzala mitengo n'kolakwa?

Ayi, koma pafunika kuganiza kawiri. M'mudzi uliwonse muli amisiri openta ndi omanga omwe akusaka ganyu. Anthu makumi atatu a muofesi akabwera kudzapenta kalasi, mmisiri wa pomwepo wataya ntchito ya sabata, ndipo nthawi zina amadzaitanidwabe kuti akonze zomwe alendo aja anapaka molakwika. Njira yabwino ndi kulemba ganyu mmisiriyo kuti atsogolere ntchito, alendo akhale omuthandiza.

Za mitengo, kubzala ndi ntchito ya tsiku limodzi, koma kuti mtengo ukule pafunika kuupalira, kuutchingira mbuzi ndi kuuteteza kumoto wolusa m'chilimwe. Musanagule mbande, gwirizanani za amene adzasamalire, ndipo mubwerenso mu Okutobala kudzawerenga yomwe yapulumuka.

Mavolontiya enieni ndani pa ntchito zothandiza ana?

Ambiri mwa iwo salembedwa m'malipoti a makampani. Tengani nkhani ya phala la m'sukulu. Bungwe la Mary's Meals, lomwe anayambitsa Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland, linayamba kudyetsa ana ku Malawi mu 2002, ndipo ana oyamba anali pafupifupi 200. Mu 2021 chiwerengero cha ana odya tsiku lililonse la sukulu m'mayiko onse omwe bungweli likugwira ntchito chinadutsa 2 miliyoni, ndipo oposa 1 miliyoni mwa iwo ndi a ku Malawi. Ndalama zimachokera kwa anthu wamba, mipingo, sukulu ndi makampani a kunja. Koma amene amaphika ndi amayi ndi abambo a m'midzi yozungulira sukuluyo, ndipo salandira malipiro.

Mukafika pasukulu yotere kusanache, mumapeza moto uli lawilawi kukhitchini. Amayi amakhala atafika kale ndi ndowa za madzi pamutu, ena ali ndi ana kumbuyo. Mmodzi amathira ufa wa Likuni phala mumphika waukulu pomwe wina akutakasa ndi mthiko wautali womwe amaugwira ndi manja awiri, utsi uli m'maso, kuti phala lisachite mibulu kapena kupserera pansi. Belu likamalira, ana amakhala atandanda kale pamzere, aliyense ndi kapu yake, ena aing'ono kwambiri moti kapuyo amaifumbata pachifuwa. Akamaliza kugawa, amayiwo amatsuka miphika, kenako amapita kumunda kwawo dzuwa litakwera kale. Mawa lake kumabwera a mudzi wina, malinga ndi ndandanda yomwe komiti inalemba.

N'chimodzimodzi m'sukulu za mkombaphala za m'midzi, momwe alezi amasamalira ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi chaka chonse popanda malipiro okhazikika, ena m'zisakasa zaudzu kapena m'tchalitchi chobwereka. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo anthu amenewa akuchita zimenezo tsiku ndi tsiku. Kampani yobwera kudzathandiza idziwe kuti ikufika pantchito ya eni ake, omwe anaiyamba kale ndipo adzaipitiriza alendo atapita. Iwafunse chomwe chikuwavuta. Nthawi zambiri mayankho amakhala apafupi: denga la khitchini likudontha, mbaula yang'ambika ndiye nkhuni zikutha msanga, mjigo uli kutali, mosungira ufa mukulowa makoswe, sopo watha. Zinthu zimenezi zikakonzedwa, amayi aja amapuma pang'ono ndipo phala limapsa pa nthawi yake.

Timafuna kukacheza kumalo osungira ana amasiye pa Khirisimasi. Bwanji ena akuletsa?

Funsoli limapweteka anthu amtima wabwino, choncho ndiliyankha mofatsa. Chifundo chanu n'chenicheni. Koma akatswiri a za ana aona mavuto atatu pa maulendo otere.

Loyamba likukhudza mtima wa mwanayo. Mwana wamng'ono amafuna munthu mmodzi wokhazikika woti azimudalira. Akamanyamulidwa ndi alendo atsopano sabata iliyonse, n'kumaseka nawo, madzulo iwo n'kukwera basi osabweranso, amaphunzira kuti aliyense womukonda amachoka. Mwana wothamangira kukumbatira mlendo aliyense amaoneka wosangalala, koma kawirikawiri chimenecho ndi chizindikiro cha bala. Kafukufuku yemwe anayamba mu 2000 ku Bucharest m'dziko la Romania anatsatira ana okulira m'malo osungira ana ndi ena omwe anatengedwa kukaleredwa m'mabanja, ndipo anapeza kuti a m'mabanja anakula bwino m'nzeru ndi m'makhalidwe, makamaka omwe anasamutsidwa asanakwane zaka ziwiri.

Lachiwiri ndi lakuti ambiri mwa anawo si amasiye kotheratu. Mabungwe ngati Lumos ndi Save the Children akhala akunena kuti pafupifupi ana 8 mwa 10 alionse okhala m'malo otere padziko lapansi ali ndi kholo limodzi lamoyo. Chowachotsa pakhomo ndi umphawi, kulumala kapena kusowa fizi. Ndalama zosungira mwana mmodzi m'nyumba yotere zikhoza kuthandiza ana angapo ali kwa agogo awo kapena kwa azakhali.

Lachitatu ndi loopsa. Alendo akamabwera ndi ndalama, anthu ena adyera amatsegula malo otere ngati bizinesi, n'kumanyengerera makolo osauka kuti apereke ana. Zimenezi zaoneka kwambiri ku Cambodia, Nepal ndi Haiti, mpaka dziko la Australia mu 2018 linayamba kuwerengera mchitidwewu m'gulu la ukapolo wamakono. Mu Disembala 2019, msonkhano waukulu wa United Nations unapempha mayiko kuti aike mphamvu pothandiza mabanja kulera ana awo.

Izi sizikutanthauza kuti malo onse osungira ana ndi achinyengo. Alipo omwe akulandira makanda otayidwa, omwe mayi awo amwalira pobereka, n'kumayesetsa kuwabwezera kwa abale akakula pang'ono. Amenewo athandizeni, koma kudzera kwa owayang'anira: lipirani mkaka, malipiro a alezi, kapena mayendedwe okafufuza abale a ana. Ku Malawi, pitani kaye kuofesi yoona za chisamaliro cha anthu kwa DC mukafunse ngati malowo ndi olembetsedwa. Kunyamula ana kusiyireni amene amakhala nawo masiku onse.

Kodi kujambula ana ndi kuika zithunzi zawo pa Facebook kuli ndi vuto?

Kuli nalo ngati makolo sanavomere, ndipo kuvomera kwa mphunzitsi wamkulu yekha sikukwanira. Dzifunseni ngati mungalole kuti mwana wanu ajambulidwe ali ndi malaya ong'ambika, mamina ali pamphuno, pansi pake atalembapo kuti ndi wamasiye kapena ali ndi kachilombo, dziko lonse n'kumaona. Chithunzi cha pa intaneti sichifufutika, ndipo mwanayo adzachipeza ali wamkulu. Musalembe dzina lake lonse pamodzi ndi sukulu ndi mudzi wake, chifukwa anthu oipa amafufuzira pomwepo.

Kampani iliyonse yotumiza antchito kwa ana ikhale ndi malamulo olembedwa oteteza ana, ndipo aliyense awasainire asananyamuke. Wamkulu asatsale yekha ndi mwana m'chipinda kapena m'galimoto. Asapatsane manambala a foni ndi ana. Asalonjeze mwana payekha fizi kapena ulendo wa kutauni. Ndipo aliyense adziwe kokanena akaona zokayikitsa. Ku Malawi nambala yaulere yothandiza ana ndi 116, ndipo kuyambira pomwe malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ngakhale mtsikana wa Fomu 3 wooneka wamkulu msinkhu.

Zinachitikapo kuti thandizo la mtima wabwino linabweretsa mavuto?

Zinachitika, ndipo nkhani yomwe ophunzira za chitukuko amaikumbukira kwambiri ndi ya PlayPump. Unali mjigo wopangidwa ku South Africa wooneka ngati katungwe wozungulira: ana akamasewera n'kumauzunguza, madzi amakwera m'thanki yapamwamba, ndipo m'mbali mwa thankiyo amamatamo zotsatsa malonda kuti ndalama zake zizikonzera mjigowo. Maganizowo anakopa anthu otchuka, makampani ndi mabungwe. Mu 2006 boma la America pamodzi ndi mabungwe ena analonjeza ndalama zoposa madola 16 miliyoni, ndipo cholinga chinali kuika mijigo 4,000 pofika 2010. Ina inaikidwa ku Mozambique, ku Malawi ndi ku Zambia.

Kumidzi zinthu zinayenda mosiyana. Ana sasewera tsiku lonse, ndipo madzi amafunika kwambiri m'mamawa ndi madzulo. Mapeto ake amayi, ena okalamba, ena oyembekezera, ndi amene ankakankha chigudumu cholemeracho. Mjigo umodzi unkadula kangapo kuposa mjigo wamba wopopa ndi manja, ndipo ukawonongeka zipangizo zake sizinkapezeka pafupi. M'malo ena anachotsa mjigo wabwinobwino kuti aikepo watsopanowu, anthu a m'mudzi osafunsidwa. Bungwe la PlayPumps International linatseka mu 2010.

Akanakhala pansi ndi amayi otunga madzi asanayambe, akanamva zonsezi tsiku loyamba. Mjigo wa Afridev, womwe tonse timaudziwa, sukopa makamera, koma komiti ya mjigo ikasonkha ndalama imagula labala kusitolo, mmisiri wa m'dera n'kuukonza tsiku lomwelo.

Nanga kampani yomwe ikupereka mabuku kusukulu koma katundu wake akulimidwa ndi ana?

Imeneyo iyambe yakonza m'nyumba mwake. Mu 2012, UNICEF, Save the Children ndi UN Global Compact (mgwirizano wa makampani pansi pa United Nations) anatulutsa mfundo khumi zokhudza ufulu wa ana pa ntchito zamalonda, ndipo zambiri mwa mfundozo sizikamba za mphatso. Zikukamba za kuthetsa ntchito za ana, kulipira makolo malipiro okwanira, kupanga katundu wosavulaza ana, kutsatsa malonda moona ndi kusamala malo ndi madzi omwe ana amadalira.

Makampani a chokoleti analonjeza mu 2001 kuti athetsa ntchito zoopsa za ana m'minda ya koko, koma kafukufuku wotuluka mu 2020 anapeza ana pafupifupi 1.5 miliyoni akugwirabe ntchito m'minda ya ku Ghana ndi Côte d'Ivoire. Kwathu kuno nkhaniyi timaidziwa pa fodya. Ana omwe amathyola ndi kusoka fodya wonyowa amalowedwa chikonga kudzera pakhungu, n'kumamva mutu, chizungulire ndi nseru. Mu Novembala 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wochokera ku Malawi azigwidwa padoko chifukwa cha nkhawa za ntchito yokakamiza ndi ya ana, ndipo makampani anayenera kuonetsa umboni kuti fodya wawo ndi woyera asanaloledwenso. Tenanti akamalandira zochepa moti sangalembe waganyu, amatenga ana ake kupita nawo kumunda. Mdadada wa makalasi womangidwa ndi kampani sungathandize mwana yemwe nthawi ya sukulu ali m'chigafa. Mtengo wabwino kwa mlimi ndiwo ungamubweze m'kalasi.

Pakagwa ngozi ngati ya namondwe, tipereke zovala kapena ndalama?

Funsani kaye omwe ali pamalopo. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa ku Malawi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo midzi ina ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu inakokoloka. Anthu wamba, mipingo ndi makampani anathamanga ndi zomwe anali nazo, ndipo masiku oyambirira zofunda, ndowa, ufa ndi mapepala apulasitiki zinapulumutsa anthu. Koma zovala zosasankhula zimafuna anthu ozisankha, malo ozisunga ndi galimoto yozinyamula, pa nthawi yomwe zonsezo zikusowa. Ndalama zopita kubungwe lodalirika ngati Red Cross, kapena zoperekedwa mwachindunji kwa mabanja kudzera pafoni, zimalola mayi kugula chomwe akusowadi.

Pa ana pali zinthu zomwe zimaiwalika: mapadi a atsikana, matewera, mankhwala othira m'madzi poteteza kolera, magetsi kuzimbudzi za pakampu kuti atsikana asamaope usiku, ndi makope oti abwerere nawo kusukulu. Musapereke mkaka wa m'chitini wa makanda mwachisawawa, chifukwa ukasungunulidwa ndi madzi akuda umapha. Zimenezo zisiyireni azaumoyo. Za katundu wanu mudziwitse a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kapena ofesi ya DC kuti makampu a m'mbali mwa msewu asalandire kawiri pomwe akutali sanalandire kalikonse. Ndipo sungani gawo lina la thandizo lanu kuti mudzapereke pakatha miyezi itatu, nthawi yomwe anthu akufuna malata, mbewu ndi fizi koma opereka atatopa.

Ndife kampani yaing'ono, antchito sakwana 20. Tingachite chiyani?

Zambiri. Itanani a Malawi Blood Transfusion Service abwere kuofesi kwanu. Magazi ambiri amachokera kwa ophunzira a m'sukulu, choncho pa holide amachepa, ndipo nthawi ya dzinja ana odwala malungo omwe magazi awathera amachuluka m'zipatala. Ola limodzi la wantchito wanu likhoza kupulumutsa mwana.

Yang'ananinso kumalo ogona odikirira odwala pachipatala cha boma chapafupi. Ku America kampani ya McDonald's inathandiza kutsegula nyumba yoyamba yogona makolo a ana odwala ku Philadelphia mu 1974, ndipo nyumba zotere zafalikira m'mayiko ambiri. Vuto lomwe ankathetsa ndi lomwe timaliona kuno: mayi wochokera kutali, mwana wake ali m'wodi mwezi wathunthu, iye akugona pasimenti n'kumaphika pamafuwa panja. Mphasa, maneti, mpope wa madzi wokonzedwa ndi denga la pophikira ndi zinthu zomwe kampani yaing'ono ingakwanitse.

Mukhozanso kutenga achinyamata awiri omwe amaliza Fomu 4 kuti aphunzire ntchito kwa inu miyezi itatu, mukuwapatsa ya thiransipoti ndi nkhomaliro. DHL imachita zofanana ndi achinyamata a SOS Children's Villages kuyambira 2011. Sankhani malo amodzi n'kukhala nawo zaka zingapo. Sukulu imodzi yomwe mumaidziwa aphunzitsi ake ndi mavuto ake idzapindula kuposa sukulu khumi zoyenderedwa kamodzikamodzi.

Ndine mphunzitsi wamkulu, ndipo kampani ina yalemba kuti ikubwera. Ndingakane zomwe akufuna kubweretsa?

Mungathe, ndipo kampani yanzeru idzakuthokozani. Ambiri timaopa kuti tikanena zoona alendo akhumudwa n'kupita kwina, ndiye timalandira makompyuta pasukulu yopanda magetsi, n'kuwatsekera m'kabati mpaka achite dzimbiri. Khalani pansi ndi komiti ya sukulu, gulu la amayi, mafumu ndi ana enieniwo, mulembe zosowa zanu motsatana ndi kufunika kwake. Mwina choyamba ndi zimbudzi za atsikana zokhala ndi chitseko ndi madzi, chifukwa popanda zimenezo atsikana otha msinkhu amajomba masiku angapo mwezi uliwonse. Mwina ndi madesiki, mwina nyumba ya mphunzitsi.

Funsani kuti chinthucho chikawonongeka adzakonza ndani ndipo ndi ndalama ziti. Pemphani kuti mwambo usadye nthawi ya maphunziro, ndiponso kuti ana asaimikidwe padzuwa maola atatu kudikira alendo. Zomwe mwagwirizana zilembedwe, mbali zonse zisaine, ndipo ofesi ya zamaphunziro ya m'boma lanu idziwe.

Timakobidi tomwe amatolera m'ndege kapena m'masitolo timafikadi kwa ana?

Tikadutsa m'njira yodziwika, timafika. UNICEF yakhala ikutolera ndalama zotsala m'matumba a okwera ndege kuyambira 1987 kudzera mwa ogwira ntchito m'ndege za makampani angapo, ndipo kuyambira 2006 Pampers yathandiza kugula katemera wa kafumbata wa amayi ndi makanda kudzera pa matewera ogulitsidwa. Chofunika kuona ndi chakuti alembe bwinobwino dzina la bungwe lolandira ndi kuchuluka kwa ndalama zopita kumeneko pa chinthu chilichonse chogulidwa. Mawu oti "gawo lina la phindu lipita kwa ana osauka" popanda nambala kapena dzina sakwanira.

Ndikugwira ntchito kunja. Kampani yanga ingathandize bwanji kwathu?

Yambani ndi kufunsa kuofesi yoona za antchito ngati pali masiku olipidwa a ntchito zodzipereka, komanso ngati kampani imaonjezera pa zomwe antchito apereka. Ambiri amagwira zaka osadziwa kuti mwayiwu ulipo. Ku Britain, wolipira msonkho akapereka kubungwe lolembetsedwa kudzera mu Gift Aid, bungwelo limalandira mapeni 25 oonjezera pa paundi iliyonse. Makampani ambiri amafuna kuti ndalama zipite kubungwe lolembetsedwa m'dziko lomwelo, choncho fufuzani lomwe likugwira kale ntchito m'boma la kwanu. Amene muli ku Scotland muli ndi mwayi wina, chifukwa Scotland Malawi Partnership imalumikiza sukulu, mipingo, makampani ndi mabungwe ambiri omwe ali paubale ndi Malawi. Ku South Africa, kampani imafuna satifiketi ya Section 18A kuti ichotsere msonkho pa zomwe yapereka.

Masiku anu odzipereka mukhozanso kuwagwiritsa ntchito muli komweko: kuthandiza bungwe la kwanu kulemba kalata yopempha thandizo, kukonza mabuku a ndalama, kapena kuphunzitsa aphunzitsi kudzera pa intaneti. Mtengo wa tikiti imodzi ya ndege ukhoza kulipira mmisiri ndi zipangizo za chimbudzi chonse.

Tingadziwe bwanji kuti bungwe lomwe tikufuna kugwira nalo ntchito ndi loona?

Ku Malawi, funsani satifiketi ya NGORA, bungwe la boma loyang'anira mabungwe omwe si aboma, ndipo muone ngati ndi ya chaka chino. Ku England ndi Wales mayina ndi malipoti a ndalama a mabungwe amapezeka poyera kwa Charity Commission, ku Scotland kwa OSCR, maofesi oyang'anira mabungwe othandiza anthu. Pemphani lipoti la ndalama lomwe linaunikidwa ndi akatswiri apadera, mayina a anthu a mubodi, ndi malamulo awo oteteza ana. Ndalama zipite kuakaunti ya bungwe yosainira anthu awiri kapena atatu, osati kunambala ya foni ya munthu mmodzi.

Kenako pitani kumudzi komwe bungwelo likugwira ntchito tsiku wamba, lopanda mwambo. Lankhulani ndi amfumu, mlangizi wa zaumoyo ndi amayi omwe mungawapeze pamjigo, a bungwelo ali patali. Afunseni kuti bungweli linabwera liti komaliza, linachita chiyani, ndipo ana omwe akuti akuthandizidwa anasankhidwa ndi ndani. Magulu ena ang'onoang'ono a m'midzi alibe mapepala onsewa koma akugwira ntchito yooneka. Oterewo muwadziwe kudzera kuofesi ya DC, ndipo poyamba muwagulire katundu weniweniyo, monga simenti kapena miphika, uku mukuwathandiza kulembetsa ndi kutsegula akaunti.